Kwa Mphunzitsi Amene Wapatsidwa Kaundula ndi Kompyuta ya Sukulu

Nthawi ya kalembera wa sukulu ikayandikira, funso limene ndimalandira ndi lomwelomwelo: "Aphunzitsi aakulu andipatsa ntchito yoyang'anira ziwerengero za sukulu, ndiyambire pati?" Ena amafunsa fomu itatsala pang'ono kupita, kaundula wa m'kalasi akunena zina, kompyuta ikunenanso zake. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kamodzi.

Ambiri mumaganiza kuti ntchitoyi ndi ya akatswiri a kompyuta. Gawo la kompyuta ndi laling'ono. Chachikulu n'chakuti mwana aliyense awerengedwe kamodzi, m'kalasi imodzi, ndipo akachoka mudziwe kumene wapita.

Mawu amene muziwamva kawirikawiri ndi EMIS. Ili ndi dongosolo limene unduna wa zamaphunziro umasonkhanitsira ziwerengero za sukulu zonse: ana, aphunzitsi, zipinda, mabuku, madesiki ndi zimbudzi. Mayiko ena amatumiza mafomu apepala kamodzi pachaka. Ena ali ndi mapulogalamu monga OpenEMIS, kapena DHIS2 imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo kuti izithandiza pa zaumoyo, kenaka inalowanso m'zamaphunziro. Zimene mwalemba sizithera pa ofesi ya maphunziro yapafupi. Zimakwera mpaka ku unduna, ndipo unduna umapereka ziwerengero zake ku UNESCO Institute for Statistics ku Montreal, kumene amaonera mmene mayiko akuyendera pa cholinga chachinayi cha chitukuko, chokhudza maphunziro, chimene mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana mu 2015. Koma chokukhudzani kwambiri inu n'chakuti mabuku, aphunzitsi ndi ndalama zoyendetsera sukulu nthawi zambiri zimagawidwa potengera chiwerengero cha ana chimene sukulu yapereka.

1. Sonkhanitsani zonse zimene zilipo

Musanatsegule kompyuta, ikani patebulo buku lolembetsera ana olowa kumene, makaundula a makalasi onse, makalata a ana osamuka, mapepala a zotsatira za mayeso, mndandanda wa aphunzitsi, buku la katundu wa sukulu, ndi kope la fomu ya kalembera wa chaka chatha. Pa pepala limodzi lembani dzina la chilichonse, amene amachisunga, ndi tsiku limene chinalembedwamo komaliza. Funsaninso za mafayilo amene ali m'mafoni ndi m'mafulashi a aphunzitsi, chifukwa kumeneko n'kumene kumabisala mindandanda imene ofesi siidziwa.

2. Sankhani gwero limodzi

Sukulu ikhale ndi mndandanda umodzi wokha umene onse akuuvomereza kuti ndiwo weniweni. Ngati unduna wanu uli ndi pulogalamu yolembetsera mwana aliyense payekha, gwero ndi limenelo. Ngati mulibe, gwero likhale buku lolembetsera ana pamodzi ndi fayilo imodzi ya pa kompyuta yofanana nalo. Mindandanda ina yonse, kaya wa mayeso, kaya wa ana olandira thandizo, izichokera m'gwero limeneli. Mphunzitsi asayambe mndandanda wakewake kuchokera m'mutu.

Cholakwika chofala ndi kukhala ndi mafayilo anayi otchedwa "mndandanda", "mndandanda watsopano", "mndandanda womaliza" ndi "womaliza weniweni". Pakapita miyezi ingapo simudzakumbuka kuti wolondola ndi uti. Fayilo yogwirira ntchito ikhale imodzi, makope ake azikhala ndi deti m'dzina.

3. Mwana aliyense akhale ndi nambala yake

Dzina silokwanira. Ana awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi m'kalasi imodzi, ndipo mwana mmodzi akhoza kulembedwa mitundu itatu: wina walemba ndi l, wina ndi r, wina wayamba ndi dzina la bambo, wina wagwiritsa dzina la agogo amene akumulera. Ngati unduna umapereka nambala ya wophunzira, gwiritsani yomweyo. Ngati supereka, nambala ya m'buku lolembetsera ndi yokwanira: chaka cholowera kenaka nambala yotsatana, monga 2024-017.

Malamulo ake ndi atatu. Nambala isasinthe mwana akakwera kapena akabwereza kalasi. Nambala ya mwana amene wachoka isapatsidwe kwa wina. Ndipo musaikemo kalasi m'nambalayo, chifukwa chaka chamawa idzakhala ikunama. Mwana akabwerera patapita zaka ziwiri, mufufuzeni m'buku, atengenso nambala yake yakale.

4. Konzani fayilo bwino tsiku loyamba

Kaya mukugwiritsa Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc imene ndi yaulere, kachitidwe ndi kamodzi. Mwana mmodzi, mzere umodzi. Kolamu iliyonse ikhale ya chinthu chimodzi: nambala, dzina la makolo, dzina loyamba, mnyamata kapena mtsikana, tsiku lobadwa, kalasi, wobwereza kapena ayi, womulera, foni ya womulera, tsiku lolowa, mmene alili panopa, ndi deti limene zimenezi zinasintha. Sukulu yonse ikhale pa tsamba limodzi. Mukapatsa kalasi iliyonse tsamba lake, mwana wosamutsidwa kuchoka m'chipinda A kupita m'chipinda B amatsala m'masamba onse awiri. Musaphatikize timabokosi kuti pepala lioneke bwino, ndipo musagwiritse mtundu m'malo mwa mawu, chifukwa kuwerengera mizere yofiira n'kovuta pamene kuwerengera mawu akuti "wasamuka" n'kosavuta.

Excel ili ndi misampha imene imakola pafupifupi aliyense. Nambala yoyamba ndi 0, monga ya foni, imataya 0 uja. Nambala yaitali imaoneka ngati 1.23E+11, ndipo ikapitirira manambala 15 otsalawo amasanduka ma 0 osabwereranso. Njira yopewera zonsezi ndi kuika kolamu yonse pa Text musanalembemo kanthu. Madeti nawo ndi ovuta: 03/04/2017 kompyuta ina imawerenga kuti 3 Epulo, ina yoikidwa mwa ku America imati 4 Malichi. Ikani kolamu ya madeti kuti izionetsa chaka, mwezi, kenaka tsiku, monga 2017-04-03, umene ndi mulingo wa padziko lonse wolembera madeti wotchedwa ISO 8601. Pa makolamu amene mayankho ake ndi odziwikiratu, gwiritsani Data Validation kuti wolemba azingosankha. Mukapanda kutero mudzapeza "F", "f", "mtsikana" ndi "Mts" m'kolamu imodzi.

Chenjezo lina: mukamasanja mayina motsatira alifabeti, onetsetsani kuti mwasankha makolamu onse. Mukasanja kolamu imodzi yokha, mayina amayenda koma masiku obadwa amatsala pomwepo, ndipo nthawi zina kompyuta sikuuzani kuti mwasokoneza. Zotere zimagwera ngakhale mabungwe aakulu. Mu 2020 ku England, anthu 15,841 amene anapezeka ndi COVID-19 anasowa m'malipoti chifukwa cha mtundu wakale wa fayilo ya Excel umene sulola mizere yoposa 65,536. Sukulu yanu siifika mizere yochuluka chotero, koma chizolowezi choti mutengepo ndi ichi: werengani mizere musanakopere kapena kutumiza fayilo, muiwerengenso mukamaliza.

5. Gawanani ntchito ndi aphunzitsi anzanu

Inu simungadziwe mwana aliyense. Amene amadziwa kuti wakuti sanaoneke sabata yonse ndi mphunzitsi wa kalasi. Pemphani aphunzitsi aakulu kuti pa msonkhano wa aphunzitsi anene okha zinthu ziwiri: mwana watsopano asakhale m'kalasi asanadutse ku ofesi n'kupatsidwa nambala, ndipo tsiku lomaliza la mwezi mphunzitsi aliyense azipereka kapepala kosonyeza amene abwera, amene achoka, ndi amene ajomba nthawi yaitali. Kapepalako kakhale kakafupi. Mukawapatsa fomu ya masamba atatu adzaidzaza mwezi woyamba wokha.

Wolemba m'fayilo yaikulu akhale mmodzi, ndi wina mmodzi womugwirizira akachoka. Ena onse azilandira makope osindikizidwa.

6. Yanjanitsani kaundula, kompyuta ndi ana enieni

Pano ndi pamene pali ntchito, ndipo malangizo ambiri amangopadumpha. Khalani napo.

Mwezi uliwonse, kalasi iliyonse iyenera kukwanira masamu awa: ana amene analipo mwezi ukuyamba, kuphatikiza amene alowa, kuchotsa amene asamuka, asiya kapena amwalira, yankho lake lifanane ndi amene alipo mwezi ukutha. Chitani masamuwa anyamata paokha, atsikana paokha.

Tiyerekeze kuti kalasi yachitatu inayamba mwezi ndi ana 84. Abwera atatu, achoka awiri ndi makalata. Mukuyembekezera 85, ndipo kompyuta ikunenadi 85. Koma kaundula wa mphunzitsi ali ndi mayina 87, ndipo mutalowa m'kalasi n'kuwerenga mitu mwapeza 76. Apa anthu ambiri amangosankha nambala imene ikuwasangalatsa n'kulemba. Musatero.

Choyamba, 76 isakudetseni nkhawa. Amenewo ndi amene abwera lero, pamene kalembera amafunsa olembetsa. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo siziyenera kusakanizidwa m'kolamu imodzi. Vuto lili pakati pa 85 ndi 87. Mwina mphunzitsi sanasonyeze m'kaundula kuti awiri aja anachoka. Mwinanso pali ana awiri atsopano amene anangolowa m'kalasi osadutsa ku ofesi. Zonsezi zimabweretsa 87, koma koyambako mukonza kaundula, kwachiwiriko mukonza kompyuta. Nambala payokha siingakuuzeni kuti chachitika ndi chiti.

Choopsa kwambiri ndi pamene manambala akugwirizana koma mayina ali olakwika. Ana awiri achoka osanena, awiri ena alowa osalembetsa, ndiye kompyuta ikuti 85, m'kalasi mulinso 85, aliyense akusangalala. Tsiku lolembetsa mayeso kapena logawa mabuku m'pamene mudzaone kuti awiri akusowa pa mndandanda. N'chifukwa chake muyenera kuyerekeza mayina, osati manambala okha.

Kachitidwe kake ndi aka. Sindikizani mndandanda wa kalasiyo kuchokera m'kompyuta. Lowani m'kalasi awiri, inu ndi mphunzitsi wake, wina akuitana mayina pa mndandanda, wina akuchonga m'kaundula. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mwana woitanidwa aimirire ndipo apite mbali ina ya chipinda. Mukamaliza, amene atsala ali chikhalire ndi ana amene kompyuta siikuwadziwa, kapena amene dzina lawo linalembedwa mwanjira imene iwo eni sakulizindikira. Afunseni mmodzimmodzi. Mwana akavomera kawiri pa mayina awiri, mwapeza wolembedwa kawiri. Pa dzina lililonse limene palibe wavomera, funsani anzake kuti anamuona liti komaliza. M'makalasi oyambirira chitani mofatsa, chifukwa ana aang'ono ena amadziwa dzina la kunyumba lokha.

Tsopano mwatsala ndi mayina a ana amene akhala osaoneka kwa nthawi yaitali. Musafulumire kulemba kuti asiya sukulu. M'kolamu ya mmene mwana alili mukhale mawu ochepa okhazikika: alipo, wasamuka, wasiya, wamwalira, wamaliza, ndi akufufuzidwa. Mwana wosaoneka aziyamba walowa pa "akufufuzidwa". Funsani abale ake amene ali m'makalasi ena, imbirani womulera, pemphani komiti ya makolo ikuthandizeni. Unduna uliwonse uli ndi lamulo lake la nthawi imene mwana ayenera kujomba kuti atchedwe wosiya sukulu, choncho funsani ku ofesi ya maphunziro, mulilembe pachikuto cha kaundula, ndipo makalasi onse atsatire lomwelo.

Kusiyanitsa wosamuka ndi wosiya n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Kalata yosamukira imangosonyeza kuti mwana wachoka kwanu. Siisonyeza kuti wafika. Mwana amene anatenga kalata koma sanakalembetse kulikonse wasiya sukulu, ngakhale kope la kalatayo lili m'fayilo mwanu. Pamene wina amene anachoka wopanda kalata, koma akuphunzira kwa azakhali ake kutali, wasamuka. Lembani dzina la sukulu imene akupita, ndipo pakapita masabata angapo imbani foni kapena tumizani uthenga kufunsa ngati anafika. Nanunso mukalandira mwana, dziwitsani kumene wachokera. Mukapanda kutero, sukulu ziwiri zimuwerenga mwana mmodzi.

Mzere wa mwana musaufufute, zivute zitani. Sinthani mmene alili, lembani deti ndi chifukwa. Mukafufuta, masamu a mwezi wamawa sadzagwirizana, ndipo mwanayo akadzabwera atakula kudzafuna umboni woti anaphunzirapo pano, mudzasowa chomuonetsa.

Pofufuza olembedwa kawiri m'kompyuta, ikani =COUNTIF(A:A,A2) m'kolamu yapadera, ngati manambala a ana ali m'kolamu A. Paliponse pamene yankho laposa 1, nambalayo yabwerezedwa. Koma mwana amene anapatsidwa manambala awiri osiyana simungamugwire motero. Sanjani fayilo motsatira tsiku lobadwa, muyang'ane mizere yoyandikana imene womulera ndi mmodzi. Samalani ndi mapasa. Batani la Remove Duplicates, lochotsa mizere yobwerezedwa, musalikhudze musanaone ndi maso anu mizere imene lichotse.

Pali chinanso chimene sichilembedwa m'mabuku a malangizo. Nthawi zina wina adzakuuzani kuti mayina a ana amene anachoka kalekale muwasiye momwemo kuti sukulu ilandire zambiri. Ine ndimati musalole. Oyendera sukulu akadzawerenga, dzina limene lili pansi pa fomu ndi lanu. Komanso mwana amene pa pepala akuoneka kuti alipo, palibe amene amapita kukamufufuza kwawo. Njira yaulemu ndi kupereka kwa aphunzitsi aakulu mndandanda wa mayinawo, pamodzi ndi tsiku limene aliyense anaoneka komaliza, n'kuwapempha asayine chigamulo chawo.

Chaka chikatha, chitani masamu omwewa pakati pa zaka ziwiri. Ana onse a kalasi yachitatu ya chaka chatha apezeke penapake chaka chino: akwera, akubwereza, asamuka, asiya kapena amwalira. Wina akasowa m'magulu onsewa, ntchito siinathe.

7. Dzazani fomu ya kalembera motsatira matanthauzo ake

Werengani malangizo a fomu musanalembe nambala ngakhale imodzi, makamaka tsiku lowerengera. Ziwerengero zonse zikhale za tsiku limenelo, ngakhale mukudzaza fomu patapita sabata. Zaka za ana ziwerengedwe kufika pa tsiku limene fomu yanena. Mukaika detilo m'kabokosi kopanda kanthu, monga N1, ndipo tsiku lobadwa lili m'kolamu E, =DATEDIF(E2,$N$1,"Y") ikupatsani zaka zokwana. Mwana amene alibe chiphaso cha kubadwa musamupangire deti la m'mutu ngati n'loona. Fufuzani m'buku lake la kuchipatala kapena funsani womulera, ndipo ngati n'zongoyerekeza, sonyezani m'kolamu yapadera.

Wobwereza ndi mwana amene ali m'kalasi yomwe analinso chaka chatha, ngakhale chaka chathacho anali pa sukulu ina. Powerengera kuchuluka kwa obwereza, gawani ndi chiwerengero cha kalasiyo cha chaka chatha, osati cha chaka chino. Ngati chaka chatha kalasi yachiwiri inali ndi ana 90, ndipo 18 akubwereza, ndiye kuti ndi 20 pa 100 aliwonse.

Pa za ulumali, musamangoyang'ana mwana n'kugamula, ndipo musalembe 0 chifukwa simunafunse. Mu 2016 UNICEF ndi Washington Group, gulu la akatswiri a ziwerengero za ulumali, anatulutsa mafunso amene amafunsa zimene mwana amavutika kuchita, monga kuona, kumva, kuyenda ndi kuphunzira, komanso kukula kwa vutolo. Kufunsa motero kumathandiza kupeza mwana amene samva bwino koma aliyense amangomuyesa wosamvera.

Musanatumize, onkhetsani matebulo. Chiwerengero cha ana potengera zaka chifanane ndi chiwerengero potengera makalasi. Yerekezaninso ndi fomu ya chaka chatha. Ngati zipinda zinali 12 ndipo chaka chino mwalemba 21 koma simunamange, manambala atembenuzika. Ngati mukutumiza ndi foni kudzera pa mapulogalamu odzazira mafomu monga KoboToolbox kapena ODK Collect, kumbukirani kuti fomu imadzazika ngakhale popanda intaneti, koma imakhala ili m'foni mpaka itatumizidwa. Onani kuti yachokadi, ndipo sungani kope losayinidwa ndi aphunzitsi aakulu.

8. Sungani makope

Odziwa za kompyuta amatsatira lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa malo amene pali kompyuta. Pa sukulu zikutanthauza fayilo ya pa kompyuta, kope la pa fulashi yotsekeredwa m'kabati, ndi lina pa intaneti, pa akaunti ya sukulu. Fulashi imeneyi isamayende m'makompyuta a anthu, chifukwa mavairasi amayenda momwemo. Teremu iliyonse sindikizani mndandanda wonse, ndipo tsegulani kope limodzi kuti muone ngati likugwiradi ntchito.

9. Tetezani zinsinsi za ana

Gawo 16 la pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limateteza moyo wachinsinsi wa mwana, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi. Mndandanda wokhala ndi masiku obadwa, mafoni a makolo, za umasiye kapena za matenda usaponyedwe pa gulu la WhatsApp, ngakhale la aphunzitsi okhaokha. Bungwe likabwera kudzapempha mayina a ana, lionetse kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro, ndipo ngati manambala okha ndi okwanira, lipatseni manambala. Kompyuta ikhale ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo isamatidwe pakhoma.

10. Konzekerani tsiku limene mudzasamutsidwe

Akaunti zonse zitsegulidwe ndi imelo ya sukulu, osati yanu. Samalaninso ndi nambala ya foni imene imalandira timanambala totsimikizira polowa m'akaunti: ikakhala yanu, mukachoka sukulu idzatsekeredwa kunja. Lembani tsamba limodzi lonena kumene kuli fayilo, tanthauzo la kolamu iliyonse, lamulo la masiku ojomba, masiku otumizira malipoti, ndi ofesi yoyenera kuifunsa pulogalamu ikavuta. Mapasiwedi aikidwe mu envulopu yomata imene aphunzitsi aakulu azisunga, ndipo asinthidwe tsiku limene wogwira ntchitoyi wasintha. Wokugwirizirani uja achite yekha masamu a sitepe 6 mwezi umodzi inu mukungoyang'ana, kalata yokusamutsani isanafike.